Mmene Ankatikonzera Ulendo wa ku Fomu 5

Ana a masiku ano amadziwa kuti sekondale imathera Fomu 4. Ukatchula Fomu 5 ndi Fomu 6, maganizo awo amathamangira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kapena ku sukulu zolipira ndalama zambiri monga St Andrew's ya ku Blantyre. Koma ife amene tinali anyamata pamene dziko lino linkavula dzina la Nyasaland, makalasi awiri amenewa tinkawadziwa bwino, ndipo mwana wa mlimi wa ku Mabiri kapena ku Luwerezi ankatha kuwafika. Sankawafika yekha ayi. Panali anthu amene ankamukonza, ena ophunzira, ena osadziwa n'komwe kagwiridwe ka cholembera. Amenewo ndiwo ndikufuna kuwakumbukira, pakuti ambiri a iwo anagona kale.

Kwathu ndi kum'mwera kwa Mzimba, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, kufupi ndi Embangweni. Sukulu inafika msanga kumeneku. Donald Fraser atasamutsa mishoni kuchoka ku Hora n'kukhazikitsa Loudon mu 1902, midzi yambiri inakhala ndi kasukulu kake kofolera ndi udzu, ndipo anyamata ochita bwino ankayenda wapansi mpaka ku Khondowe, kumene Robert Laws anatsegula Overtoun Institution mu 1894. Choncho pofika nthawi yathu, m'midzi munali kale agogo odziwa kuwerenga Baibulo ndi kulemba kalata. Komanso amuna ambiri akwathu anali atayenda, ena ku Joni, ena ku Halale, ena ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Kumeneko anadzionera okha kuti wodziwa kulemba amakhala kalaliki pa tebulo, wosadziwa n'kumatsikira pansi pa nthaka. Pobwera kumudzi, kapena potumiza ndalama kudzera pa positi ofesi ya pa boma, mawu awo ankakhala amodzimodzi: mwana asasiye sukulu.

Sekondale zinali zowerengeka. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, ndipo ya boma ya ku Mzuzu inabwera mu 1959. Pomaliza Fomu 4 tinkalemba mayeso a Cambridge School Certificate, mapepala athu n'kuwoloka nyanja kukachongedwa ku England. Okhoza bwino koposa ankaitanidwa ku Fomu 5 kukaphunzira zaka ziwiri za Higher School Certificate, ndipo makalasi amenewa ankapezeka ku Dedza ndi ku Blantyre Secondary School. Setifiketi imeneyo inali yolemera. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Isanabwere, wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko, ndipo koleji ya ku Salisbury, imene inayamba mu 1957, inkafuna munthu wodutsa Fomu 6. Udokotala ndiye sunkaphunzitsidwa kuno mpaka mu 1991, pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre. Mnyamata wofuna kudzakhala dokotala, loya kapena injiniya ankadziwa kuti njira yake idutsira m'makalasi awiriwo.

Kukonzeka kunkayamba mayeso a Fomu 4 asanafike. Pa sukulu yogonera konko imene ndinaphunzira, tinali ndi aphunzitsi a Hisitole, munthu wofatsa wochokera kunyanja, wosakweza mawu ngakhale titamulakwira. Chiyambire Fomu 1 ankatilembera manotsi pa bolodi, ife n'kumakopera mwaudongo. Tsiku lina, chaka chathu chomaliza chili pakati, analowa m'kalasi opanda choko. Anasanja mabuku pa tebulo n'kunena kuti, "Kuyambira lero manotsi muzilemba nokha. Werengani mutu uwu m'mabuku awiri osiyana, muone pamene olembawo akugwirizana ndi pamene akutsutsana. Lachisanu mudzandiuze amene mukumukhulupirira, ndi chifukwa chake."

Mnzathu wina anaimika dzanja. "Aphunzitsi, mayeso ayandikira. Bwanji osangotipatsa zoti tiloweze?"

Iwo anamwetulira. "Mwana wanga, bambo ako amalima fodya. Kawafunse chimene amachita pa nazale akatsala pang'ono kuwokera. Amachepetsa madzi, amachotsa udzu wophimbira, mbande n'kumva dzuwa. Sikuti adana nazo. Akufuna zikhwime, zisakafote zikafika kumunda kumene kulibe wozithirira. Kumene mukupita inu kulibe wokulemberani manotsi."

Masabata oyamba anali owawa. Tinkakopera buku lonse mawu ndi mawu, iwo n'kutibwezera kuti tifupikitse tsamba lathunthu likhale mizere yochepa. Tikalemba kuti chakuti chinachitika chifukwa cha chakuti, ankalemba m'mbali ndi inki yofiira funso limodzi lokha: wadziwa bwanji? Funso limenelo linatilowa m'mutu moti tinayamba kufunsana tokha kuchipinda chogona. Pang'onopang'ono tinazindikira kuti buku nalonso linalembedwa ndi munthu, ndipo munthu akhoza kufunsidwa.

Ntchito ina yaikulu inali kusankha maphunziro. Ku Fomu 5 munthu sankanyamula maphunziro ambirimbiri monga ku Fomu 4. Ankatenga atatu okha, n'kuwalowa mozama, kuwonjezapo pepala lotchedwa General Paper, loyesa ngati ukudziwa za dziko ndi kutha kulemba maganizo ako momveka. Wolakwitsa posankha ankavutika zaka ziwiri zathunthu. Ahedi athu ankatiitana mmodzimmodzi ku ofesi, ndipo tsiku limenelo sankatitchula dzina la ubatizo. Ankatiitana ndi chiwongo, monga amaitanirana akuluakulu. Ukalowa umapeza atatsegula kaundula wa malikisi ako kuyambira Fomu 1. Ankafunsa chimene ukufuna kudzakhala, n'kukumvetsera mpaka umalize. Kenaka ankanena chilungamo. Wolota udokotala pamene Kemisitiri imamuthawa ankauzidwa poyera, koma sankatuluka wopanda njira ina. Ine ndinkakonda manambala ndi mapu, ndipo anandilangiza Masamu, Jogalafe ndi Hisitole. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ankatidziwa kuposa mmene tinkadzidziwira tokha, chifukwa ankakhala nafe pa sukulu usana ndi usiku, ku bwalo la mpira, ku munda wa sukulu ndi ku mapemphero.

Pokonzekera General Paper, Loweruka madzulo kunkakhala mtsutso. Mitu yake inkachokera m'zimene zinkawira masiku amenewo: chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ulendo wa amuna ku migodi, malobolo, maphunziro a atsikana. Aphunzitsi ankakupatsa dala mbali imene sukugwirizana nayo kuti uphunzire kumva maganizo a mnzako. Nyuzipepala ikafika, ngakhale yakale, inkamatidwa pa khoma ndipo tinkaiwerenga titaimirira. Aphunzitsi ena ankatulutsa wayilesi yawo pakhonde kuti timve nkhani za BBC, kenaka n'kufunsa mmodzi wa ife kuti afotokoze zimene wamva. Nkhani ya Legson Kayira, mnyamata wophunzira ku Livingstonia amene mu 1958 anayamba ulendo wapansi kufunafuna maphunziro ku America, tinkaikamba mosatopa. Inkatiuza kuti mwana wakumpoto kuno, wosauka ngati ife, akhoza kufika kutali.

Koma sukulu yeniyeni ya kukonzeka inali miyezi yodikira. Ukamaliza mayeso umabwerera kumudzi, zotsatira n'kumachedwa kutsidya kwa nyanja. Nthawi imeneyo ndi yoopsa kwa mnyamata: alibe belu lomudzutsa, anzake ena akwatira, ena akunong'onezana za ulendo wa kum'mwera. Akuluakulu akwathu ankaidziwa ngozi imeneyi ndipo sankatisiya manja lende. Ahedi a pulayimale ya pafupi ndi kwathu ananditumizira uthenga ndisanamasule n'komwe katundu, kuti ndikathandize kuphunzitsa kalasi imene inalibe mphunzitsi. M'mawa ndinkaima kutsogolo kwa ana, ndipo pamenepo ndinaphunzira kuti chinthu sunachidziwe mpaka utachifotokozera mwana wamng'ono n'kumva. Masana ndinkagwira pulawo kumbuyo kwa ng'ombe za adada.

Madzulo ndinkapita kwa mphunzitsi wina wopuma, wophunzira ku Khondowe, amene anali ndi bokosi la mabuku pansi pa bedi. Sankabwereketsa buku lachiwiri usanamufotokozere loyamba. Tinkakhala pakhonde pake, iye pa mpando wa ndalema, ine pa mphasa, nyali ya palafini ili pakati. Ndikamaliza kufotokoza ankati, "Zimenezo ndi zimene wolemba wanena. Nanga iwe ukuti bwanji?" Anandiphunzitsa kusunga kabuku ka mawu atsopano, kugwiritsa ntchito dikishonale, ndi kugawa tsiku langa pa pepala kuti ola lililonse likhale ndi mwini wake. Sanalandirepo kobiri kwa makolo anga. Amama ankangomutumizira nkhuku kapena lichero la ufa, iye n'kunena kuti yewo, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kalata yondiitana ku Fomu 5 ku Dedza inabwera m'thumba la makalata la ku mishoni, kuchokera ku positi ofesi ya pa boma. Inali ndi dzina langa, tsiku lotsegulira, ndi mndandanda wa zofunika kunyamula. Adada sanalankhule zambiri. Anaitanitsa abale awo ku sangweni, pa chipata cha khola pamene amuna amakambira nkhani zikuluzikulu, n'kuwawerengera kalatayo. Kwa Mngoni ng'ombe si chinthu chogulitsa wamba. Ndi ulemu wa mudzi, ndi malobolo a ana aamuna. Koma tsiku limenelo adada aakulu analoza mthena imodzi n'kunena kuti, "Iyi ipite. Mwanayu akaphunzira, waphunzirira tonse." Asibweni anga, mlongo wawo wa amama, amene anali atangobwera kumene ku Halale, anapereka jekete yawo ndi sutikesi yachitsulo. Ankhazi, mlongo wawo wa adada, anabwera ndi bulangete. Nthawi imeneyo ndalama zinali mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971, ndipo sheleni iliyonse imene inalowa m'thumba langa ndinkadziwa dzanja limene yachokera.

Ulendo wokagula zinthu pa boma la Mzimba unali chikondwerero pawokha. Tinalawirira pa njinga, ine ndi adada. Tinagula nsalu m'sitolo ya Amwenye, telala wa pakhonde n'kundiyeza thalauza lalitali loyamba m'moyo wanga. Tinagulanso nsapato, sopo, inki ndi makope. Adada ankati akakumana ndi munthu wowadziwa, kalaliki wa kwa DC kapena mkulu wa mpingo, ankaima n'kunena modekha kuti, "Mwana wanu uyu akupita ku Fomu 5." Aliyense ankandigwira dzanja, ena n'kupisa m'thumba. Pobwerera ndinazindikira kuti sindikupita ndekha. Boma lonse likundiyang'ana.

Usiku womaliza unali wa malangizo. Amama anali atakazinga chimanga ndi mtedza, atasinja chiponde n'kuchitsekera m'chitini. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Kumene ukupitako ukapeza anthu a zilankhulo zina ndi zakudya zina. Usakanyoze cha munthu. Ukadwala, ukanene msanga. Ndipo uzilemba kalata, ngakhale ya mizere iwiri, adada ako azindiwerengera." Agogo aamuna anawonjeza zawo: kupewa mowa, kupewa ngongole, kupatsa moni aliyense kuyambira ahedi mpaka wophika kukhitchini. Kunalibe buku la uphungu, koma palibe chofunika chimene anachisiya.

Basi inkadutsa pa Jenda, Kasungu ndi Lilongwe, msewu uli wafumbi, ndipo pofika ku Dedza tsitsi ndi jekete zinali zofiira. Kuzizira kwa pansi pa phiri la Dedza sikunatidabwitse ife a ku Mzimba. Chimene chinatidabwitsa ndi ufulu. Pa ndandanda ya maphunziro panali maola opanda mphunzitsi, ndipo palibe amene ankakulondola kuti aone ngati uli ku laibulale kapena ukuwothera dzuwa. Mphunzitsi ankapereka mutu wa chimangirizo ndi mayina a mabuku, n'kutchula tsiku lodzalandira, basi. Aliyense m'kalasimo anali woyamba kumene anachokera, choncho panalibenso wodzitama. Pamenepo ndinaona phindu la inki yofiira ija ndi la pakhonde pa mphunzitsi wopuma. Anzathu ena anzeru zakuthwa, koma ozolowera kukankhidwa, teremu yoyamba inawavuta kwambiri, ndipo tinkathandizana nawo usiku mpaka anazolowera. Kumeneko ndinapezanso abwenzi a ku Mulanje, a ku Nsanje, a ku Mangochi ndi a ku Ntcheu, ndipo Chinyanja changa chinawongoka m'kamwa mwawo. Dziko limene linkabadwa masiku amenewo tinayamba kulidziwa m'chipinda chodyera.

Ine ndinatsata uphunzitsi, ndipo pa zaka zanga za ntchito zinthu zinasintha. Mayeso a Cambridge analowedwa m'malo ndi mayeso a dziko lino, amene lero ndi MSCE ya MANEB. Yunivesite yathu inkatenga ophunzira kuchokera ku Fomu 4 n'kuwaphunzitsa zaka zinayi, kotero Fomu 5 ndi 6 zinazimirira m'sukulu za boma. Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981, ndi Chilatini ndi Chigiriki chake, makalasi amenewa anapeza nyumba yatsopano ku Mtunthama. Koma phompho la pakati pa kuphunzitsidwa ndi kudziphunzira silinachoke. Linangosamukira pa khomo la Chancellor College, la Polytechnic, la Bunda ndi la makoleji a aphunzitsi ndi anamwino.

Mu 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto tinabwezedwa kuchigawo chathu, ndinapezeka ndili kwathu ku Mzimba, ndipo ndinayesetsa kubweza ngongole imene ndinali nayo kwa akuluakulu aja. A Fomu 4 ndinkawasiyitsa kukopera manotsi chaka chili pakati. Akamaliza mayeso, amene ankakhala pafupi ankabwera kunyumba Loweruka kudzabwereka mabuku ndi kudzafotokoza zimene awerenga. Apa m'pamene ndinaona kuti mtolo wa atsikana ndi wolemera kuposa umene tinasenza ife. Ndikukumbukira mtsikana wina wa kufupi ndi Champhira, wakhama pa Bayoloje, amene anthu anabwera kudzamufunsira akudikira zotsatira. Ng'ombe zinali zitatchulidwa kale. Amene anaimitsa nkhaniyo si ine ayi, koma ankhazi ake, mayi wosapita kusukulu. Anauza alongo awo pamaso pa abale kuti, "Adada, ng'ombe zimenezo zidikire. Mwanayu ayambe wamva za mayeso ake." Kwathu mawu a ankhazi salumphidwa. Mtsikanayo anapita ku sukulu ya unamwino, ndipo azing'ono ake onse anawaphunzitsa ndi iye.

Lero makomo achuluka, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti ndaziona ndi maso. Pulayimale yaulere inabwera mu 1994. Masukulu a MCDE anasanduka ma CDSS mu 1998, kotero mwana wa ku Khosolo kapena ku Mqocha akhoza kufika Fomu 4 akugona kwawo. Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999, University of Livingstonia mu 2003, ndipo kuli LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS. Pa Embangweni pomwe pali Robert Laws Secondary School ndi koleji ya aphunzitsi ya Loudon. Foni ya m'manja yokhala ndi intaneti imasenza mabuku ochuluka kuposa bokosi lija la pansi pa bedi. Koma miyezi yodikira ikadalipo, ndipo yatalika. Mwana amalemba MSCE, n'kudikira zotsatira, n'kudikiranso kusankhidwa, n'kudikiranso kuti koleji itsegulidwe. M'kati mwa kudikirako, mabasi a ku Johannesburg amanyamuka pa boma atadzaza, ndipo anzake obwera ku Joni amaonetsa nyumba za malata ndi magalimoto. Sindinyoza ulendo wa ku Joni. Unatiphunzitsa ambiri a ife, ndipo ukudyetsa mabanja mpaka lero. Chimene chimandiwawa ndi kuona mwana wa mapointi abwino akukwera basi chifukwa panalibe munthu womukhazika pansi n'kumuuza kuti dikira, werenga ichi, lemba fomu iyi, ngongole ya boma ya ophunzira amapempha motere.

Amene amafika ku koleji nawonso ambiri amafika asanakhwime. Anakhoza poloweza timabuku ta mafunso ndi mayankho, ndipo chaka choyamba chimawadzidzimutsa monga mmene Fomu 5 inkadzidzimutsira anzathu aja. Nzeru ali nazo ndithu, mwina kuposa ife. Chimene akusowa ndi munthu wowafunsa kuti wadziwa bwanji, ndipo iwe ukuti bwanji. Funso limenelo silifuna labotale kapena magetsi. Mphunzitsi wa pa CDSS yopanda laibulale akhoza kulifunsa, kholo likhoza kulifunsa, m'busa ndi mkulu wa mpingo akhoza kulifunsa.

Tsono mawu anga apite kwa anzanga opuma pa ntchito amene tadzaza m'midzi ya Embangweni, Edingeni, Jenda, Manyamula ndi pa boma pomwe: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, makalaliki. Mabuku amene akudyedwa ndi chiswe m'nyumba zathu atuluke. Aliyense atenge mwana mmodzi kapena awiri amene alemba Fomu 4 chaka chino, wachibale kapena wa mnansi, azikumana naye sabata iliyonse mpaka tsiku lonyamuka. Ahedi a pulayimale, apatseni ana amenewa kalasi yoti athandize. Aphunzitsi a Fomu 4, musaope kusiya choko pa tebulo nthawi zina. Mafumu ndi makolo, nkhani ya mwana wosankhidwa ku koleji ikambidwe ku sangweni monga kale, ndipo ya mtsikana ikambidwe mofanana ndi ya mnyamata. Ife tinakonzedwa ndi anthu amene analibe zambiri, koma anatipatsa nthawi yawo. Nafenso nthawi tili nayo. Tiyeni tiipereke kwa ana athu tikadali ndi mphamvu.